Anthu owerenga matope a pansi pa Nyanja ya Malawi

Pakati pa chaka cha 1915 ndi 1935, mtsinje wa Shire unaleka kutunga madzi m'nyanja ya Malawi. Nyanja inali itaphwerako, pakamwa pa mtsinje cha ku Mangochi panadzaza mchenga ndi bango, ndipo kumunsi kunkangoyenda timadzi tochokera m'mitsinje ing'onoing'ono yothira mu Shire. Masiku amenewo kunalibe Nkula, Tedzani kapena Kapichira, choncho panalibe magetsi oti azime. Madziwo anangotsika ndi mamita ochepa chabe, m'nyanja imene pakuya pake penipeni pamafika mamita 700.

Nanga ingatsike mpaka pati? Mabuku a boma sangatiyankhe, chifukwa kuyeza madzi a m'nyanjayi kunayamba cha m'ma 1896, pomwe nyanjayo yakhalapo zaka mamiliyoni. Yankho lili m'matope a pansi pake, ndipo kuti matopewo avuulidwe n'kuwerengedwa, anthu angapo anatherapo zaka zawo zambiri za ntchito. Mmodzi mwa iwo ndi Pulofesa Christopher Scholz wa ku Syracuse University ku America.

Kwathu kuno tikamva za katswiri wa miyala ndi nthaka, timaganiza za munthu wa kampani ya migodi, wovala chipewa cholimba, amene akufufuza zamtengo wapatali ku Kayelekera kapena ku Kangankunde. Otero alipodi. Koma pali enanso a ku yunivesite, amene amalandira malipiro chifukwa chophunzitsa, ndipo chimene amasaka ndi yankho la funso limodzi kapena awiri amene angawatangwanitse mpaka kupuma ntchito. Miyezi yambiri ya chaka amakhala m'kalasi, kuchonga mayeso, kuyang'anira ophunzira a madigiri apamwamba, ndi kulemba zikalata zopempha ndalama za kafukufuku, zimene zambiri zimakanidwa. Zopita kutchire kapena panyanja, zimene timaziona pazithunzi, zimangotenga masabata owerengeka, ndipo zaka zina sizichitika n'komwe.

A Scholz anayamba kudziwana ndi nyanja yathu m'zaka za m'ma 1980 ali wophunzira ku Duke University, pansi pa mphunzitsi wawo Bruce Rosendahl. Gulu lawo, lotchedwa Project PROBE, linkayenda ndi boti laling'ono m'nyanja zikuluzikulu za kum'mawa kwa Africa, monga Tanganyika, Turkana ndi Malawi, pofuna kudziwa m'mene pansi pa nyanjazi panapangidwira.

Apa pafunika kudziwa chifukwa chake nyanja ili pamene ilipo. Dziko m'chigawo chino likung'ambika. Mbali ya kum'mawa, kumene kuli kumpoto kwa Mozambique ndi kumwera kwa Tanzania, ikutalikirana ndi mbali ya kumadzulo ndi mamilimita ochepa chaka chilichonse. Pakati pake pakutitimira motsatira ming'alu ikuluikulu ya m'thanthwe, ndipo chivomerezi cha ku Salima cha mu 1989 komanso za ku Karonga za mu Disembala 2009 zinatikumbutsa kuti kung'ambikaku sikunathe. Dzenjelo likamatitimira, madzi amadzazamo, ndipo mitsinje ngati Songwe, Ruhuhu, South Rukuru, Dwangwa, Bua ndi Linthipe imathiramo dothi chaka ndi chaka. Kumpoto kwa nyanja, kufupi ndi mapiri a Livingstone, matope ndi mchenga zaunjikana kupitirira makilomita anayi kupita pansi.

Njira imene gulu la PROBE linkagwiritsa ntchito ndi yomvera phokoso. Boti limakoka chida chophulitsa mpweya wopanikizidwa m'madzi. Kuphulikako kumatsika mpaka pansi, kulowa m'matope, ndipo paliponse pamene dothi lasintha, mwina kuchoka pa matope ofewa kufika pa mchenga wolimba, gawo la phokosolo limabwerera m'mwamba. Kumbuyo kwa boti kumakhala chingwe chachitali chokhala ndi timakutu tamagetsi tolanda phokoso lobwereralo. Kompyuta ikasonkhanitsa zonsezo, pamatuluka chithunzi cha mizeremizere yosonyeza m'mene dothi linasanjikizana. Ntchito yake njotopetsa: kuyenda pang'onopang'ono mumzere wowongoka usana ndi usiku, kutembenuka, kuyambanso mzere wina, mwera ukakula kuthawira kugombe.

M'zithunzi zimenezo munaoneka chinthu chosayembekezeka. Pansi pa madzi akuya, mokwiririka ndi matope, munali malo ooneka kuti anakokolokapo ndi madzi oyenda, ndiponso milu ya mchenga yofanana ndi imene mtsinje umasiya pamathiriro ake. Mtsinje suthira mchenga wotero pakati pa nyanja yakuya, umausiya m'mphepete. Ndiye kuti kale gombe linali pamenepo. Mu 1988 a Scholz ndi a Rosendahl analemba m'magazini ya Science kuti nyanja za Malawi ndi Tanganyika zinatsikapo ndi mamita mazanamazana.

Tinene pano kuti ndalama zambiri za PROBE zinachokera kumakampani a mafuta, amene ankafuna kudziwa m'mene zigwa zotere zimasungira mafuta. Nkhani ya mafuta a m'nyanja, imene inabuka mwamphamvu boma litapereka chilolezo ku kampani ya Surestream mu 2011 ndi kudzutsa mkangano wa malire ndi Tanzania, mizu yake ina ili m'zithunzi zomwezi. Katswiri wa ku yunivesite sakhala kutali ndi anthu amalonda monga m'mene timaganizira, ndipo si chamanyazi kufunsa kuti kafukufuku uyu walipira ndani.

Vuto la chithunzi cha phokoso n'lakuti chimakuuza kuti nyanja inaphwa, koma sichikuuza kuti inaphwa liti. Kuti udziwe zaka, uyenera kugwira matopewo m'manja. Machubu amene ofufuza ankaponya kuchokera paboti ankangolowa mamita ochepa, okwanira zaka masauzande angapo basi. Panafunika kuboola.

Kuchokera 1988 mpaka tsiku loboola panapita zaka 17, ndipo moyo wa katswiri wa ku yunivesite umaoneka bwino m'zaka zimenezi kusiyana ndi m'masiku a panyanja. Panafunika maulendo ena ojambula pansi pa nyanja mwatsatanetsatane kuti asankhe malo amene matope sanasokonezeke ndi zigumukire za pansi pa madzi. Panafunika misonkhano yogwirizanitsa akatswiri a mayunivesite osiyanasiyana: Thomas Johnson wa ku Duluth m'chigawo cha Minnesota, Andrew Cohen wa ku Arizona, John King wa ku Rhode Island ndi Michael Talbot wa ku Bergen ku Norway. Panafunika kukhutiritsa bungwe la National Science Foundation la boma la America ndi bungwe la mayiko ambiri loona zoboola pansi pofuna sayansi, la ICDP, kuti ndalama zawo sizimira m'madzi. Panafunikanso zilolezo za boma la Malawi ndi mgwirizano ndi Dipatimenti ya Geological Survey ya ku Zomba.

Chovuta kwambiri chinali sitima. Nyanja ya Malawi ilibe njira yoti sitima yoboolera ya panyanja yamchere ingalowere, chifukwa Shire ali ndi mathithi. Choncho anatenga Viphya, sitima yonyamula mafuta ya panyanja pomwepo, naikonza. Anaboola chibowo pakati pake podutsira mapaipi, anaimikapo makina oboolera, naikapo makontena ogonamo ndi ogwiriramo ntchito. Pamalo amene anasankha, kumpoto chakum'mawa kwa Nkhata Bay, madzi ndi akuya mamita 592, ndipo pakuya potero nangula sathandiza kwenikweni. M'malo mwake anamangirira mainjini a mapulopela m'mbali mwa sitimayo, oyendetsedwa ndi kompyuta yomvera GPS, kuti mphepo ikakankhira uku iwo azibwezera uko, sitima n'kumakhala pamalo amodzi. Ikanasuntha kwambiri, mapaipi olendewera pansi akanapindika kapena kuduka.

Kuboola kunachitika kumayambiriro kwa 2005, nyengo ya mwera isanafike. Mijigo yambiri ya m'midzi mwathu sifika mamita 100, ndipo oboola amakhala ataima pa nthaka youma. Apa paipi inkayamba yatsika mamita pafupifupi 600 m'madzi okhaokha isanakhudze dothi, kenako inalowa mamita ena 380 m'matope. Pamalo achiwiri, kumpoto kwa nyanja, anaboola pa madzi akuya mamita 359. Zonse pamodzi anavuula matope otalika mamita 623.

Matopewo amatuluka ali m'machubu a pulasitiki. Chubu chikafika pamwamba, amachidula m'zigawo, kutseka mbali zonse ziwiri, ndi kulembapo nambala ya dzenje, kuya kwake, ndi muvi wosonyeza kumene kuli kumwamba. Muvi umenewu ukalakwika, zaka mazana angapo zimawerengedwa chadodolido. Machubuwo anatumizidwa ku University of Minnesota mumzinda wa Minneapolis, kumene amasungidwa m'chipinda chozizira madigiri 4. Kumeneko chubu chilichonse amaching'amba pakati m'litali. Theka limodzi amalijambula n'kulisunga osalikhudza, theka linalo ndilo amatapamo timatope toyeza.

Kuwerenga kwake kumatheka chifukwa cha khalidwe lina la nyanjayi. Madzi a pansi, kupitirira mamita 200 kapena 250, sasakanikirana ndi a pamwamba, ndipo alibe mpweya wa okosijeni. Kumeneko kulibe nsomba, nkhono kapena nyongolotsi zoti zivundule matope. Chilichonse chimene chagwa chimakhala pomwe chagwerapo. M'madera ena a kumpoto munthu amatha kuona timizere tiwiritiwiri: koyera, kopangidwa ndi zigoba za tindere tosaoneka ndi maso timene timachuluka nyengo ya mwera, ndi kakuda, ka dothi lobwera ndi mitsinje nyengo ya dzinja. Timizere tiwiri ndi chaka chimodzi. Matope akuda a mizeremizere otere amatanthauza nyanja yakuya. Koma mukatsika ndi chubucho n'kupeza matope otuwa opanda mizere, odzaza ndi tizigoba ta tizilombo tokhala pansi pa madzi osaya, ndiye kuti okosijeni ankafika pansi, ndipo nyanja inali itaphwa. Wina amawerenga mungu wa maluwa pa maikulosikopu kuti adziwe mitengo ndi udzu umene unali kumtunda, wina amawerenga timakala tosonyeza moto wa m'tchire. Ntchito yotereyi ambiri amene amaigwira ndi ophunzira, ndipo mmodzi amatha zaka zinayi kapena zisanu akuwerenga chinthu chimodzi chokha kuti apeze digiri yake.

Zotsatira zoyamba zinatuluka mu 2007 m'magazini ya PNAS. Ofufuzawo ananena kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo, chigawo chino chinakumana ndi zilala zoopsa zokhalitsa zaka masauzande. Pa nthawi yoipitsitsa, madzi a m'nyanja anachepa ndi magawo 95 pa 100 alionse. Inatsala nyanja yaing'ono yamchere, yakuya mamita pafupifupi 125, yozunguliridwa ndi dziko louma la udzu wapatalipatali. Kumene lero kuli Mangochi, Monkey Bay, Salima ndi Nkhotakota, nyanja inali kutali zedi, ndipo Likoma sichinali chilumba.

Izi sizikutanthauza kuti nyanja iphwa chaka chamawa. Zilala zimenezo zinkayendera kusintha kwapang'onopang'ono kwa m'mene dziko limazungulirira dzuwa, kumene kumasuntha mvula pa zaka masauzande ambiri. Chimene matopewo akutsimikiza n'chakuti nyanjayi imadalira kusiyana kochepa pakati pa madzi olowa ndi madzi ouma ndi dzuwa. Madzi ochuluka amene nyanja imataya amapita m'mwamba ngati nthunzi, ndipo Shire amangotenga otsalira. Mvula ikachepa pang'ono kwa zaka zingapo zotsatizana, otsalirawo ndiwo amayamba kusowa. Tinaziona m'kuzimazima kwa magetsi kwa mu 2016 ndi 2017, ndipo mbali inayo tinaiona mu 2024 pamene madzi analowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi. Damu la Kamuzu Barrage ku Liwonde limathandiza kusunga ndi kugawa madzi amene alipo, koma silingatulutse madzi m'nyanja imene yatsika kupitirira pakamwa pa mtsinje.

Gawo lovutitsitsa pa ntchito yonseyi ndi kupeza zaka. Njira yodziwika ya radiocarbon, yoyezera zaka za zotsalira za zinthu zimene zinali zamoyo, imathera pa zaka pafupifupi 50,000. Kupitirira apo ofufuza amadalira zizindikiro zina. Mapiri ophulika a ku Rungwe ku Tanzania, kumpoto kwa nyanja, akhala akumwaza phulusa m'madzimo, ndipo phulusa lina limatheka kuliyeza zaka. Komanso timiyala ting'onoting'ono ta m'matope timasunga mbali imene mphamvu ya maginito ya dziko inkaloza pamene tinkagwa, ndipo zimadziwika kuti mphamvuyi inatembenuka komaliza zaka pafupifupi 780,000 zapitazo. Pakati pa zizindikiro ziwiri zotere, katswiri amayerekeza, ndipo poyerekeza ndi pamene zolakwika zimabisala.

Mu 2013 Christine Lane, amene nthawiyo anali ku Oxford, pamodzi ndi Ben Chorn ndi a Johnson, anapeza m'matopewo phulusa losaoneka ndi maso. Analipeza posefa timatope tapang'onopang'ono, kuchotsa zolemera ndi zopepuka, mpaka kutsala timagalasi ting'onoting'ono tochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi, timene anatiwerenga kamodzikamodzi. Atayeza zimene tinapangidwa nazo, anapeza kuti tinachokera kuphiri la Toba pachilumba cha Sumatra ku Indonesia, mtunda wopitirira makilomita 7,000, limene linaphulika zaka pafupifupi 75,000 zapitazo. Kuphulika kumeneku ndi kwakukulu kuposa kwina kulikonse m'zaka 2 miliyoni zapitazi.

Timagalasi timeneti tinachita zinthu ziwiri. Choyamba, panali maganizo otchuka akuti Toba anaziziritsa dziko lonse kwa zaka zambiri mpaka mtundu wa anthu unatsala pang'ono kutha. Koma matope a pamwamba ndi a pansi pa phulusalo sanasonyeze kusintha kwakukulu m'nyanja ya Malawi, ndipo maganizowo anafooka. Chachiwiri, phulusalo linapezeka pakuya pamene mawerengedwe oyamba ankati mpazaka zocheperapo. Ndiye kuti gulu loboola lija linayenera kukonza zaka zimene linalengeza mu 2007, n'kukankhira kumbuyo nthawi imene chilala chomaliza chinathera. A Johnson, amene anali nawo pa mawerengedwe oyamba, analinso m'gulu lowakonza. Kwa anthu a ndale zotere n'zochititsa manyazi, koma m'ntchito iyi pepala limene silinakonzedwepo nthawi zambiri ndi limene palibe analiwerenga mofatsa.

Mu 2015, patatha zaka khumi chiboolereni, Robert Lyons, amene anali wophunzira wa a Scholz, anatsogolera pepala lofotokoza dzenje lonse lakuya lija. Linafika zaka 1.3 miliyoni zapitazo, ndipo m'nthawi imeneyo nyanja inatsika ndi mamita oposa 200 maulendo 24. Akatswiri a nsomba anatchera khutu, chifukwa nyanjayi ili ndi mitundu mazanamazana ya mbuna, utaka, chambo ndi abale ake, imene sipezeka kwina kulikonse. Mbuna zimakhala m'miyala ya m'mphepete ndipo siziyenda patali. Nyanja ikaphwa miyalayo imakhala pamtunda, ikadzazanso pamabadwa magombe ndi zilumba zatsopano, ndipo magulu a nsomba amalekanitsidwa, kusakanikirana, n'kulekanitsidwanso. Ofufuza ambiri akuona kuti kudzaza ndi kuphwa kumeneku kunathandiza kuti mitundu ichuluke chotere.

Kenako ofukula zakale nawo anabwera kudzafunsa matope omwewo. Gulu la Jessica Thompson wa ku Yale lakhala likufukula zida zamiyala m'boma la Karonga, kumene anthu ankakhala zaka zoposa 90,000 zapitazo. Pogwirizana ndi Sarah Ivory, katswiri wa mungu, anaona kuti m'mbuyomo nyanja ikadzaza, nkhalango zinkabwereranso ndi mitengo yamitundumitundu. Koma itadzaza zaka pafupifupi 85,000 zapitazo, nkhalango sizinabwerere monga kale ngakhale mvula inalipo, ndipo makala m'matope anachuluka. Mu 2021 analemba kuti anthu a nthawiyo ankatentha tchire mpaka kusintha maonekedwe a dziko. Ngati akulondola, moto wa lupsa m'chigawo chino unayamba kalekale ulimi usanabwere. Amene ankasenza machubu pa Viphya mu 2005 sankaganiza za funso limeneli, ndipo n'chifukwa chake theka lina la matope limasungidwa losakhudzidwa.

Pa anthu pafupifupi 20 amene analemba nawo pepala loyamba lija la 2007, Mmalawi anali Leonard Kalindekafe wa ku Geological Survey. Matopewo ali ku Minneapolis, madigiri ambiri amene anatuluka m'ntchitoyi anapita kwa ophunzira a mayunivesite akunja, ndipo mapepalawo ali m'Chingerezi chovuta chimene msodzi wa ku Usisya kapena mlimi wa mpunga wa ku Karonga sadzachiona. Sikuti anthuwa anaba kanthu: anapempha chilolezo, ndipo chipinda chozizira chosazima magetsi kwa zaka 20 si chinthu chapafupi kwathu kuno. Komabe mafunso amene anafunsidwa ndi amene opereka ndalama ankawafuna, okhudza chiyambi cha anthu ndi nyengo ya dziko lonse. Mafunso athu, monga kuchuluka kwa dothi limene Linthipe ndi Bua akukokolola chiyambire kudula mitengo, kapena kuti ming'alu ya pansi pa nyanja imagwedezeka pakapita zaka zingati, amafuna akatswiri okhala konkuno, olipidwa kuti aziphunzitsa ndi kufufuza. Maphunziro a sayansi ya miyala ndi nthaka alipo ku University of Malawi ku Zomba ndi ku MUST ku Ndata m'boma la Thyolo, ndipo malo osungira matopewo ku Minnesota amalandira mapempho a ofufuza ofuna kutapako. Wophunzira wa ku Zomba kapena ku Ndata angathe kupempha, akapeza mphunzitsi womuyang'anira, labotale yoyezera ndi ndalama zotumizira katunduyo.